Makina Amphepo M'nkhalango: Kodi Mbalame Zikulowera Kuti?

 

Ndabwera kudzakamba za makina opanga magetsi kuchokera ku mphepo, makamaka amene akuimikidwa m'nkhalango, ndi zimene mbalame za m'nkhalangomo zimachita makinawo akayamba kuzungulira. Ndinene poyambirira pomwe kuti makinawa ine ndimawafuna. Safuna malasha, safuna dizilo, satulutsa utsi wotenthetsa dziko. Dziko likapitirira kutentha nkhalango zidzauma ndi kupsa, ndipo mbalame zomwe ndikuzidandaulirazi ndi zomwe zidzayambe kuzunzika. Koma akulu adati walira mvula walira matope. Lero ndikufuna tiwayang'anitsitse matopewo, tisawalambalale.

Mfundo zanga ndi zinayi. Yoyamba ndi ya mbalame zimene zimafa. Yachiwiri ndi ya mbalame zimene sizifa koma zimasamuka. Yachitatu ndi ya phokoso ndi nyimbo. Yachinayi ndi ya kasankhidwe ka malo. Zitsanzo zambiri ndizitenga ku Ulaya, chifukwa kumeneko ndi kumene makinawa alowa kwambiri m'nkhalango, ndiponso ndi kumene akatswiri akhala zaka akuzilondola mbalamezo. Pa zonse zimene ndinene, mawu awa okha muwasunge: nkhalango ikhoza kutaya mbalame zake popanda nthenga ndi imodzi yomwe kugwa pansi.

Mfundo yoyamba: mbalame zimene zimafa.

Apa sindichedwapo, chifukwa ndi pomwe aliyense amayambira. Makina a masiku ano ndi aatali ndithu. Ena, kuyeza kuchokera pansi mpaka pansonga ya phiko likaloza kumwamba, amapitirira mamita 200. Mukawaonera patali mapikowo amaoneka ngati akuyenda mwaulesi, koma nsonga yake imatha kuthamanga makilomita oposa 250 pa ola. Mbalame yaikulu youluka ikuyang'ana pansi kufuna nyama siliona phikolo likubwera. Ku Altamont Pass, m'chigawo cha California ku America, makina amene adaimikidwa m'zaka za m'ma 1980 adapha ziwombankhanga zambiri. Pachilumba cha Smøla ku Norway, pomwe pali makina 68, zakhala zikufa ziwombankhanga za m'nyanja, abale ake a nkhwazi yathu ija.

Komabe tiike zinthu pamlingo wake. M'chaka cha 2013 katswiri wina, Scott Loss, ndi anzake adawerengera kuti ku America makina amphepo ankapha mbalame pakati pa 140,000 ndi 328,000 pachaka, pamene amphaka ankapha pafupifupi 2.4 biliyoni. Makina achuluka kuchokera nthawi imeneyo, koma mphaka akadali patsogolo kutali. Vuto la makina si kuchuluka kwa mbalame zakufa ayi, koma mtundu wake: amapha ziwombankhanga ndi miimba, mbalame zimene zimaswa mwana mmodzi kapena awiri pachaka ndipo zimachedwa kukula. Ndiye imfa zilipo, ndipo n'zowawa. Koma kambalame ka m'nkhalango kamene kamakhala kunsi kwa masamba sikafika kawirikawiri kumene kuli mapikowo. Mukapita kukafuna mitembo yake patsinde pa mzati mudzapeza yochepa, n'kubwerako mukuti zonse zili bwino. Apo ndi pomwe ambiri amasocherera.

Mfundo yachiwiri: mbalame zimene zimasamuka.

Pano ndikhalitsapo, chifukwa mtima wa nkhani yanga uli pano.

M'nkhalango za paini ndi mitengo ina yotere za ku Ulaya muli mbalame yotchedwa capercaillie. Ndi ya banja loyandikana ndi la nkhwali, koma tambala wake ndi wamkulu ngati nkhukundembo, amalemera makilogalamu anayi kapena asanu. M'nyengo ya chisanu imadya masamba osongoka a paini, m'nyengo yofunda imadya tizipatso ta m'tchire ndi mphukira, ndipo anapiye ake amakulira tizilombo. Imaikira mazira pansi. Nyengo yoswana ikafika atambala amasonkhana mbandakucha pabwalo lawo, bwalo lomwelomwelo chaka ndi chaka, kudzaimba ndi kudzionetsa kwa zazikazi. Ndi mbalame yamanyazi, yosafuna kusokonezedwa. M'nkhalango ya Black Forest ku Germany yatsala pang'ono kutha: m'chaka cha 2022 atambala amene adawerengedwa pamabwalowo sadakwane 100.

Akatswiri otsogozedwa ndi Joy Coppes, wa ku bungwe lofufuza zankhalango la ku Freiburg, adafuna kudziwa chimene mbalameyi imachita makina akabwera. Adagwira ntchito m'madera asanu ndi limodzi a ku Germany, Austria ndi Sweden. Njira yawo idali yofuna kuleza mtima: kuyenda m'nkhalango kufunafuna zitosi ndi nthenga zothothoka, n'kumalemba pamapu paliponse pomwe azipeza. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Zotsatira zidatuluka mu 2020. Mbalamezo sizidathe m'nkhalangomo, koma zinkapewa kukhala pafupi ndi makina, ndipo kupewako kunkaonekabe mpaka pamtunda wa mamita pafupifupi 650. Ngakhale kumene makina adakhalako zaka zingapo, panalibe chosonyeza kuti mbalamezo zawazolowera. Chaka chotsatira kafukufuku wina wa ku Sweden, momwe adazimangirira tizipangizo ta GPS, adapeza mtunda wokulirapo, mamita pafupifupi 865.

Tsopano tiyeni tichite masamu pamodzi, inu ophunzira mundithandize. Ku Germany malo amene amadulidwa mitengo n'kukhala poyera mpaka kalekale pa makina amodzi ndi pafupifupi theka la hekitala. Ndi nambala imeneyi imene mumaiona m'mapepala a kampani. Koma zungulizani mzere wa mamita 650 kuchokera pamzati. M'kati mwa mzerewo muli mahekitala oposa 130. Mitengo ili chiimire, zipatso zilipo, wodutsa ndi maso akuona nkhalango yabwinobwino, koma mwini wake sakufikamonso monga kale. Theka la hekitala papepala, mahekitala 130 kwa mbalame. Ndipo makina saima okha, amandanda pamsana pa phiri khumi kapena makumi awiri. Ndibwerezenso: nkhalango ikhoza kutaya mbalame zake popanda nthenga ndi imodzi yomwe kugwa pansi.

Wina afunsa kuti, nanga ikasamuka pavuta chiyani, si ili ndi mapiko? Funsoli ndi labwino. Yankho lake n'lakuti kumene ikupitako kuli eni ake kale, kapena ndi kumene idakukana poyamba chifukwa chakudya n'chochepa, pobisala palibe. Mbalame siisankha malo mwachisawawa. Pamene yakhala ndi pamene padaikomera koposa, ndipo kwina kulikonse n'kotsikirapo. Komanso nkhalango za masiku ano ndi zidutswazidutswa, zozunguliridwa ndi minda, misewu ndi midzi. Kambalame kozolowera mthunzi sikaoloka malo oyera aakulu.

Chimene chimazithamangitsa n'chiyani kwenikweni? Zilipo zingapo, ndipo zimabwera pamodzi moti akatswiriwo zidawavuta kuzilekanitsa. Pali phokoso. Pali chithunzithunzi cha mapiko chimene chimadutsa pansi mobwerezabwereza dzuwa likapendeka. Kwa mbalame yoikira pansi, mthunzi wodutsa mwadzidzidzi pamwamba ndi chizindikiro cha kabawi. Pali chinthu chachitali choyendayenda pamwamba pa mitengo. Ndiye pali msewu. Msewu umenewu anthu amaupeputsa, koma ine ndimauopa kuposa mzati. Phiko limodzi la makina a lero limapitirira mamita 60, ndipo kuti lole ilikweze kuphiri pamafunika msewu wotakata wa makona ofutukuka. Msewuwo sutseka ntchito ikatha. Umang'amba nkhalango pakati, dzuwa ndi mphepo zimalowa momwe munali chinyezi, ndipo m'mphepete mwake mumayenda nkhandwe ndi akhwangwala ofuna mazira. Pambuyo pake pamabwera anthu, njinga ndi agalu.

Ku Ireland, Darío Fernández-Bellon ndi anzake adayerekeza madera 12 a makina amphepo ndi madera ofanana nawo opanda makina. Mu 2019 adalengeza kuti mbalame za m'nkhalango zidali zochepa kufupi ndi makina, makamaka m'kati mwa mamita 100, ndipo chifukwa chachikulu chidali kudulidwa kwa mitengo polambula malo ndi misewu. Ku Finland, mu 2023, Anne Tolvanen ndi anzake adasonkhanitsa kafukufuku 84 wa m'maiko osiyanasiyana, ndipo adapeza kuti pa nkhani 100 zilizonse zokhudza mbalame, 63 zidasonyeza kusamuka. Akadzidzi ndi mbalame zina zikuluzikulu zinkatalikira mpaka makilomita asanu.

Koma nambala yomweyo ikutiuzanso china: pa nkhani zoposa 30 mwa 100 kusamuka sikudaoneke. Chilungamo chikufuna ndinene zimenezi. M'chigawo cha Hesse ku Germany, akatswiri a ku yunivesite ya Marburg adawerenga timbalame wamba ta m'nkhalango pamitunda yosiyanasiyana kuchokera pamakina, n'kupeza kuti maonekedwe a nkhalangoyo, kaya ndi ya mitengo yosakanikirana ya misinkhu yosiyana kapena ndi munda wa mtundu umodzi, ndiwo ankalamula kwambiri kuchuluka kwa mbalame. Ku Scotland, atambala a mtundu wa black grouse adasunthira mabwalo awo kutali ndi makina koma chiwerengero chawo sichidatsike, pamene kumapiri a Styria ku Austria atambala a mtundu womwewo adachepa kwambiri makina ataimikidwa. Ndiye munthu asakunamizeni kuti mbalame zonse zimathawa, komanso asakunamizeni kuti zonse zimazolowera. Zimene zimathawa kawirikawiri ndi zomwe zili zosowa kale, zofuna nkhalango yakale ndi bata.

Ndipo mbalame ikachoka siichoka yokha. Ku India, paphiri lathyathyathya la Chalkewadi m'mapiri a Western Ghats, Maria Thaker ndi anzake adapeza mu 2018 kuti pamalo a makina mbalame zolusa zidachepa pafupifupi kanayi poyerekeza ndi malo oyandikana nawo. Abuluzi amene mbalamezo zinkadya adachuluka, adasiya mantha moti munthu ankawayandikira pafupi, koma adaonda ndipo aamuna mtundu wa pakhosi pawo udazilala. Pamenepo si nkhalango yowirira, koma phunziro lake likugwira paliponse: ukachotsa mlenje wa m'mwamba, zapansi zonse zimasintha kakhalidwe.

Mfundo yachitatu: phokoso ndi nyimbo.

Amayi ndi abambo, ambiri a inu mukudziwa kukhala pafupi ndi chigayo. Chigayo sichipha munthu. Koma chikalira mumayankhulana mokuwa, mwana akalira kuseri simumva, wina akagogoda pakhomo simudziwa, ndipo alipo amene amatopa n'kukamanga kwina. Chigayo chimazima madzulo. Makina amphepo amalira usana ndi usiku malinga mphepo ikuomba, ndipo kulira kwake n'kwa mawu apansi, a besi, amene amayenda mtunda wautali.

Ife tikamva mbalame ikuimba timati ikusangalala. Kwa iyo nyimbo ndi ntchito. Ndi nyimbo imaitana mkazi, ndi nyimbo imalengeza malire a dera lake, ndi kulira kwa mtundu wina imachenjeza anzake za mdani. M'nkhalango yowirira momwe maso saona patali, khutu ndilo moyo.

Ku Britain kuli kambalame ka chifuwa chofiira kotchedwa robin, kaukali poteteza dera lake. Mieke Zwart ndi anzake a ku yunivesite ya Newcastle adakayesa motere: adakaimbira nyimbo yojambulidwa ya kanzake kakamuna, ngati kuti kolanda malo kafika. Mwachibadwa robin akaputidwa chonchi amawonjezera mawu apansi m'nyimbo yake, ndipo akatswiri amakhulupirira kuti mawu amenewo ndi oopsezera, onena kuti mwini dera ndi wamkulu ndi wamphamvu. Atawonjezera phokoso la makina amphepo, timbalameto tidasiya mawu apansi aja. Zotsatirazi zidasindikizidwa mu 2016. Taganizani tanthauzo lake. Ngati chiopsezo sichikumveka, chotsala ndi ndewu yeniyeni, ndipo ndewu imadya mphamvu ndi nthawi zimene zikadapita kodyetsa ana. Mbalameyo ilipo, wowerenga aiwerenga kuti ilipo, koma moyo wake suli monga kale.

Chitsanzo china ndi woodcock, mbalame ya mlomo wautali yokhala pansi m'nkhalango zachinyezi. Chisisira chikagwa yaimuna imauluka pamwamba pa mitengo ikulira mawu apansi ngati a chule kenaka kamluzu kakuthwa, yaikazi ili pansi ikumvetsera. Kumpoto kwa Black Forest akatswiri adawerenga maulendo a madzulowa makina asadamangidwe ndiponso atamangidwa, ndipo mu 2014 adalemba kuti adatsika ndi 88 pa 100 alionse. Ena adatsutsa kawerengedwe kawo, ndipo mkangano wotere ndi wabwino pa sayansi. Koma onani chimene chidatheketsa mkanganowo: padali anthu amene adawerenga makina asadabwere. Popanda chiwerengero choyambacho sipakadakhala chokangana, tikadangouzidwa kuti palibe chasintha.

Apa ndili ndi dandaulo pa malamulo. Dziko la Germany mu 2022 lidakhazikitsa lamulo loti pofika 2032 magawo awiri pa 100 alionse a nthaka yake akhale a makina amphepo, ndipo makina oposa 2,000 ali kale m'nkhalango zake. Chaka chomwecho lamulo loteteza zachilengedwe lidapatsidwa mndandanda wa mitundu 15 ya mbalame zoyenera kusamalidwa pa ngozi yowombedwa ndi mapiko. Capercaillie palibepo. Dokowe wakuda, amene amamanga chisa m'kati mwa nkhalango yakale ndipo amachisiya akasokonezedwa, palibeponso. Chifukwa chake n'chakuti mndandandawo ndi wa zowombedwa, osati wa zothawa. Nkhani ya zothawa idatsalira m'ndime zina. Chonsecho mu 2015 akatswiri a mbalame a boma m'dzikomo adalangiza kuti makina atalikire mamita 1,000 kuchokera komwe kuli capercaillie ndi mamita 3,000 kuchokera pachisa cha dokowe wakuda. Ine ndikuti lamulo lililonse loika mtima pa mitembo kuposa pa mabwalo osiyidwa laona mbali yaing'ono ya vutoli.

Mfundo yachinayi: kasankhidwe ka malo.

Njira zochepetsera imfa zilipo ndipo zina zikugwira. Ku Smøla kuja adapaka utoto wakuda phiko limodzi pa makina anayi, kuti mbalame zizitha kuona kuti pali chinthu chikuzungulira, ndipo mu 2020 adalengeza kuti imfa pamakina amenewo zidatsika ndi zoposa 70 pa 100. Adapakanso utoto kumunsi kwa mizati ina, chifukwa mbalame za ngati nkhwali zinkadziwomba pamzati weniweniwo pouluka chapansipansi, ndipo imfa zake zidatsika pafupifupi ndi theka. Makina anayi ndi ochepa, njirayi ikufunika kuyesedwa m'malo ambiri, koma ndi chiyambi chabwino. Ku Kipeto m'dziko la Kenya, pamalo a makina 60, pali anthu olembedwa ntchito yoyang'ana kumwamba. Akaona muimba ukuyandikira amauza oyendetsa makina kuti awaimitse. Kupewa kudula mitengo ndi kuphwanya miyala m'nyengo yoswana nakonso kumathandiza.

Koma mwaona kuti pafupifupi zonsezi ndi mankhwala a mfundo yoyamba? Utoto subweza tambala pabwalo lake. Mlonda woyang'ana kumwamba satseka msewu wong'amba nkhalango. Pa vuto la kusamuka ndi la phokoso mankhwala odalirika ndi amodzi: osaimika makina pamalo olakwika. Mzati ukazikidwa umakhala zaka 20 kapena kuposerapo, ndipo madzi akatayika saoleka. Malo ena ndi oyenera: minda, madambo ouma odyetsera ziweto amene si njira ya mbalame, minda ya mitengo ya mtundu umodzi momwe misewu ilimo kale, malo amene nkhalango idawonongeka kale. Malo ena ndi osayenera ngakhale mphepo itakoma bwanji: nkhalango yakale yachilengedwe, mabwalo oswanirana, zisa za mbalame zosowa, ndi timipata tolumikiza chidutswa china cha nkhalango ndi chinzake.

Nanga ife zikutikhudza bwanji? Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Magetsi athu ambiri amachokera mumtsinje umodzi wa Shire, ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira. Namondwe wa Ana atawononga Kapichira mu Januwale 2022 tidataya mamegawati pafupifupi 130 nthawi imodzi, ndipo mdima wake tonse tidaulawa. Tikufunika magwero ena a magetsi, ndipo mphepo ndi limodzi mwa iwo. William Kamkwamba wa ku Wimbe ku Kasungu adationetsa kalekale kuti mphepo yathu imayatsa babu. Ndionjezenso kuti mdani wamkulu wa nkhalango zathu lero si makina amphepo koma nkhwangwa ndi uvuni wa makala, ndipo magetsi okwanira ndi otsika mtengo akhoza kupulumutsa mitengo yambiri.

Vuto n'lakuti mphepo yamphamvu imakonda misana ya mapiri, ndipo pamapiri pomwepo ndi pomwe patsala tizidutswa ta nkhalango zathu zobiriwira chaka chonse: Mulanje, Zomba, Ntchisi, Viphya, Nyika, Misuku. M'nkhalango za kummwera muli kambalame kotchedwa Thyolo alethe, kamene kamakhala mumthunzi n'kumatsatira linthumbu kuti kagwire tizilombo tothawa. Kadatenga dzina la phiri la Thyolo, koma nkhalango ya paphiripo idadulidwa pafupifupi yonse. Mulinso yellow-throated apalis, yomwe kwawo ndi mapiri omwewa. Capercaillie akachoka pamalo amodzi ku Sweden ali ndi nkhalango ya makilomita mazanamazana. Kambalame ka pa Zomba kakachoka kalowera kuti? Pansi pa phiri pali chimanga. Kwa ife mawu aja akulemera kuposa kwa anzathu a ku Ulaya: nkhalango ikhoza kutaya mbalame zake popanda nthenga ndi imodzi yomwe kugwa pansi.

Choncho ndikupempha. Inu a boma ndi a bungwe loteteza zachilengedwe la MEPA, lamulo la zachilengedwe la 2017 lidakupatsani mphamvu younika ntchito zikuluzikulu zisadayambe. Lipoti la makina amphepo likadzafika patebulo panu, musadzalandire loti langowerenga mitengo yodulidwa ndi mbalame zowombedwa. Mudzafunse za msewu, za phokoso, ndi za mbalame zimene zidawerengedwa chaka chathunthu, dzinja ndi chilimwe, ntchito isadayambe. Inu mafumu, amene mudzapemphedwa malo, mudzafunse kuti msewu udzera pati, ndipo mudzaloze nokha nkhalango zosayenera kukhudzidwa. Inu ophunzira ndi a makalabu a zachilengedwe, musadikire kuti makina afike. Tengani kope ndi pensulo, pitani kunkhalango ya kwanu m'mamawa, lembani mbalame zimene mwaona ndi kumva, tsiku ndi malo ake, ndipo muzibwereza mwezi ndi mwezi. Yambani chaka chino.